Makina Osesa Okha ndi Matenda a Magudumu Ake

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndikufotokozereni za ntchito imene ndinathandiza kugwira pa tchuthi cha Ogasiti, chaka cha 2024. Ine kwathu ndi ku Mchesi, ndipo ndimakhala ndi amalume anga, amene ntchito yawo ndi yokonza mawayilesi, mafoni ndi nsimbi zamagetsi. Kashopu kawo kali pakati pa akalipentala, kotero kuti tsiku lonse timamva macheka ndi mahamala, ndipo utuchi sutha pakhomo. Inu amene munadutsapo pa Mchesi mukudziwa mipando, mabedi ndi makabati amene amayalidwa m'mbali mwa msewu.

Tsiku lina m'mawa kunafika agogo ena a ku Kawale, atasenza katundu wokulunga m'chitenje. Atatula, tinaona chinthu chakuda, chozungulira ngati lichero laling'ono, cholemera ngati kamwana kobadwa kumene.

Agogo aja anati, "Bambo, ichi chachokera ku Joni. Mwana wanga anatumiza pa basi kuti chizindisesera m'nyumba, pakuti msana wangawu sundilolanso kuwerama ndi tsache. Chagwira ntchito miyezi isanu, tsono chayamba misala. Chikangodzuka chimazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku ya chitopa, kenaka chimalira n'kuima."

Amalume anafunsa ngati mwana wawoyo anamva za vutoli. Agogo anapukusa mutu nati, "Iyayi, sindinamuuze. Akaimba foni ndimangoti chiri bwino. Ndalama zake anazivutikira kuchilendo. Ndimuuze bwanji kuti ndaononga?"

Amalume anali asanatsegulepo makina otere chibadwire. Komabe anawauza agogo kuti abwerenso patapita sabata imodzi. Atachoka, ananditembenukira nati, "Mphwanga, iwe uli ndi zala zing'onozing'ono, ndipo umaphunzira sayansi. Ntchito iyi tigwira awiri."

KODI MAKINAWA NCHIYANI?

Kuno kwathu tikamva mawu akuti loboti timaganiza za magetsi a pamsewu, ofiira ndi obiriwira aja. Koma kumaiko ena loboti ndi makina amene amagwira ntchito okha, popanda munthu wowagwira dzanja. Mawuwa anatchuka chifukwa cha sewero lotchedwa R.U.R., limene Karel Čapek wa ku Czechoslovakia analemba m'chaka cha 1920. Anachokera ku liwu la chinenero chakwawo lakuti robota, ndilo ntchito yokakamizidwa. Ife amene taphunzira mbiri ya dziko lathu tinganene kuti ndi thangata.

Makina osesa okha anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2001, pamene kampani ya Electrolux ya ku Sweden inatulutsa ake otchedwa Trilobite. M'chaka cha 2002 kampani ya iRobot ya ku America inatulutsa Roomba, amene anatchuka kopambana. Kampaniyi inayambitsidwa m'chaka cha 1990 ndi anthu atatu a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, ndiwo Rodney Brooks, Colin Angle ndi Helen Greiner. Atsikana anzanga, onani kuti wachitatuyo ndi mayi. Masiku ano makampani opanga makina otere ndi ambiri, ndipo ochuluka amapangidwa ku China. Ngakhale maina ndi osiyana, kapangidwe ka kunsi kwake n'kofanana ndithu, kotero zimene ndifotokoze pano zingathandize pa mitundu yambiri.

MAGUDUMU ATATU

Mukawatembenuza chagada makinawa, mudzaona magudumu atatu. Awiri ndi aakulu, lina kumanzere lina kumanja, ndipo ali ndi matayala a mpira. Lachitatu ndi laling'ono, liri kutsogolo, ndipo limatembenukira mbali iri yonse monga aja a kunsi kwa mpando wa mu ofesi. Laling'onoli liribe mphamvu yake. Ntchito yake ndi kuchirikiza chabe.

Chinthu chofunika kumvetsa ndi ichi: makinawa alibe chiwongolero. Gudumu lalikulu liri lonse liri ndi mota yakeyake. Onse awiri akamathamanga mofanana, makina amayenda molunjika. La kumanzere likathamanga kuposa linzake, amakhotera kumanja. Lina likapita kutsogolo linzake n'kubwerera m'mbuyo, amatembenuka pamalo pomwepo. Amene munaonapo munthu woyendetsa njinga ya olumala ndi manja mwaona zomwezi: akagwira gudumu limodzi n'kukankha linalo, njinga imazungulira.

Mota imazungulira msanga kwambiri koma iribe mphamvu zokwanira kukankha makina onse. Nchifukwa chake pakati pa mota ndi gudumu pali kabokosi ka magiya a pulasitiki, a mano ang'onoang'ono. Magiyawa amachepetsa liwiro ndi kuonjezera mphamvu, monga m'mene wakabaza amasinthira giya pofika pa chitunda.

Gudumu lalikulu liri lonse limakankhidwira pansi ndi sipuring'i, kuti lizigunda pansi ngakhale pamalo pa zigumukire kapena pokwera mkeka. Pafupi pake pali kasiwichi kobisika. Munthu akanyamula makina, magudumu amalendewera, kasiwichi kaja kamadziwitsa ubongo wa makina, ndipo mota zimaima.

Chotsiriza, ndiponso chodabwitsa koposa, ndi kachipangizo kowerenga maulendo a gudumu. Pa makina ena kamakhala kambale ka timabowo kamene kamazungulira pakati pa kanyali ndi kadiso; kuwala kumadukizadukiza, ndipo makina amawerenga kudukizako. Pa ena m'malo mwa kuwala amagwiritsa ntchito maginito. Mwa njira imeneyi makina amadziwa mtunda umene gudumu liri lonse layenda, ngakhale saliona.

KUFUFUZA MATENDA

Titaona makina akuzungulira, ine ndinafulumira kunena kuti mota imodzi yapsa. Ndinauyamba ulendo wa ku Malangalanga ndi kumsika waukulu kukafunsa gudumu latsopano, koma m'masitolo onse amene ndinalowa sindinalipeze. Ena anayesa kuti ndanyamula sikelo. Ndinabwerera madzulo mapazi ali mbuu, ndipo amalume anaseka nati, "Wakagula bwanji mankhwala usanadziwe matenda? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'mawa mwake tinayamba mwadongosolo, kuchokera pa zosavuta kunka ku zovuta. Ndondomeko yake ndi iyi, ndipo ndikupemphani kuti muisunge.

Choyamba, zimitsani makina ndi kuchotsa batire. Mabatire a makina otere amakhala a mavoti 14 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ambiri ndi a lithium monga a m'foni. Batire yotere ikabooledwa ndi chitsulo ikhoza kuyaka moto wovuta kuzima. Yalani nsalu patebulo, ndipo mugoneke makina chagada.

Chachiwiri, kanikizani gudumu lalikulu liri lonse ndi chala, n'kulisiya. Liyenera kulowa ndi kutuluka mofewa, onse awiri mofanana. Likalowa osabwerera, ndiye kuti sipuring'i yaguluka, kapena kamwala katsekereza.

Chachitatu, zungulizani magudumu ndi dzanja. Musadabwe akamalimba pang'ono ndi kulira mwakachetechete, pakuti mukuzunguliza magiya ndi mota yomwe. Chofunika ndi kuyerekeza awiriwo. Lina likalimba kuposa linzake, chiripo chalimanga. Likamazungulira lopepuka zedi, kapena likamalira kuti ge-ge-ge, mano a giya athyoka.

Chachinayi, zulani kagudumu kakutsogolo. Pa makina ambiri kamazuka mukangokakoka mwamphamvu. Kakatsekeka ndi zinyalala kamakwekwereza pansi, ndipo makina amayenda mokhotakhota ngakhale magudumu aakulu ali bwino.

Chachisanu, musaiwale kuti si kudwala konse kwa mayendedwe kumene kumachokera ku magudumu. M'mphepete mwa kunsi muli timazenera tating'ono timene timatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, kofanana ndi kwa rimoti ya TV, kuti makina asagwe pa masitepe. Timazenerati tikada ndi fumbi, makina amayesa kuti afika paphompho, ndipo amangobwerera m'mbuyo. Chimodzimodzinso bampala ya kutsogolo ikakanirira mbali imodzi, amayesa kuti agunda khoma ndipo amakhotakhota kosalekeza. Pukutani timazenera ndi nsalu youma, ndipo gogodani bampala muone ngati ikubwerera.

ZIMENE TINAPEZA

Pa makina a agogo, timazenera ndi bampala zinali bwino. Koma gudumu la kumanja linali lolimba ngati lamangidwa ndi luzi. Tinamasula chivundikiro cha kunsi, ndipo masikuluwu tinawaika m'chibekete, ataliatali paokha, aafupi paokha. Gudumu, mota ndi magiya zinatuluka pamodzi ngati phukusi limodzi.

Pamenepo tinaona mdani wathu. Pa kachitsulo kamene gudumu limazungulirapo, kamene amisiri amati ekiselo, panali pakulungana tsitsi la meshi lochuluka, losakanikirana ndi ulusi wa chitenje ndi fumbi lofiira. Pambuyo pake tinamva kuti adzukulu a agogo amalukana tsitsi pabalaza Loweruka liri lonse. Tsitsi la meshi ndi pulasitiki. Siliduka msanga monga la munthu, ndipo gudumu likamazungulira limalikulunga molimba tsiku ndi tsiku. Ndinalidula ndi lumo pang'onopang'ono, ndi kulisolola ndi singano yosokera nsapato. Litatuluka lonse linadzaza chikhatho changa.

Apa ndiulule kulakwa kwanga. Pofuna kuona bwino, ndinakoka sipuring'i ndi pulayazi osaitchinga ndi dzanja. Inathawa kuti phaa, n'kukagwera kunja pa mulu wa utuchi wa akalipentala. Mtima wanga unagunda, pakuti popanda iyo gudumu silikanagundanso pansi, ndipo ina yofanana nayo sitikanaipeza. Anyamata opala matabwa anaseka kwambiri. Amalume sanakalipe, anangochotsa maginito pa sipikala ya wayilesi yakufa nandipatsa. Ndinakwawa pa utuchi uja pafupifupi ola lathunthu, ndikutola misomali yambirimbiri, mpaka ndinaipeza. Chichokere tsiku limenelo, pomasula sipuring'i ndimaphimba ndi nsalu.

Tisanabwezere, tinayesa mota payokha. Amalume analumikiza mabatire a tochi anayi, amene pamodzi amapereka mavoti 6, nagunditsa mawaya pa timiyendo tiwiri ta mota. Gudumu linazungulira bwinobwino. Atasinthanitsa mawaya, linazungulira chobwerera. Mota imene ine ndinaiweruza kuti yapsa inali yamoyo.

Tinamanga zonse ndi kuyatsa makina, tiri ndi chimwemwe. Koma anayenda pang'ono, nanjenjemera, nayambanso kukhota. Ndinatsala pang'ono kulira. Amalume anati, "Mwendo wachira, koma mwini sakudziwa kuti wachira. Tiyeni tione chimene chimamuuza." Tinamasulanso, ndipo tinatsegula kachivundikiro ka kumbuyo kwa mota. Kambale ka timabowo kaja kanali kataphimbika ndi fumbi, ndipo timabowo tambiri tinali titatsekeka. Gudumu linali kuzungulira, koma kadiso sikanali kuona kuwala kukudukiza, kotero ubongo wa makina unali kulandira uthenga wabodza. Tinasesa ndi mswachi wakale, tinauzira mpweya ndi pampu ya njinga, ndipo kadiso tinakapukuta ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti. Tinachita chimodzimodzi ku gudumu la kumanzere, pakuti fumbi silisankha mbali.

MASAMU A TAYALA

Tsopano makina anayenda, koma ndinaona kuti akupendekera kumanja pang'onopang'ono. Nditayang'anitsitsa, tayala la kumanja linali losalala, popeza linakhala likukwekwerezeka pa simenti masabata ambiri. Ndinatenga rula ndi kuyeza. Gudumu la kumanzere linali masentimita 7 kupingasa kwake, la kumanja masentimita 6.8. Kusiyana kwake mamilimita 2 okha. Kodi kanthu kochepa chotero kangasokeretse makina?

Apa ndi pamene masamu a m'kalasi anandithandiza. Gudumu la masentimita 7 likazungulira kamodzi limayenda 7 kuchulukitsa ndi 22/7, ndiwo masentimita 22. La masentimita 6.8 limayenda pafupifupi 21.4. Akazungulira kakhumi onse awiri, la kumanzere latsogola ndi masentimita 6. Popeza magudumuwo anatalikirana masentimita 23 okha, makina amakhala atakhota pafupifupi madigiri 15, asanayende ndi mamita atatu omwe. Chowerenga maulendo sichingaone cholakwachi, chifukwa chimawerenga kuzungulira, osati kukula kwa gudumu. Makina ena amakono ali ndi zipangizo zina zowongolera njira, koma ngakhale iwo tayala losalala limawaterereka, makamaka pa simenti yopaka polishi.

Mankhwala ake tinawapeza kwa wokonza njinga wa pafupi nafe. Chubu cha njinga chimakhala chochindikala pafupifupi milimita imodzi. Mukachikulunga pa gudumu, chimaonjezera milimita imodzi mbali iyi ndi ina mbali inayo, ndiwo mamilimita awiri amene anasowa aja. Tinadula kalamba kotalika masentimita 22, tinapala tayala ndi sandipepa, ndipo tinamata ndi guluu wa osoka nsapato, osasanjikiza nsonga zake. Tinasiya usiku wonse kuti kaume. Sindikunama kuti chigamba chotere chifanana ndi tayala la kufakitale; chidzatha, ndipo chidzafuna china. Koma chubu chakale ku Mchesi sichisowa.

ZOYENERA KUPEWA

Pali zinthu zitatu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino, koma zimaononga. Choyamba ndi kuthira mafuta ophikira kapena oyilo wa galimoto pa gudumu lolimba. Mafuta amagwira fumbi n'kusanduka phala, ndipo ena amafooketsa mpira ndi pulasitiki. Ngati magiya auma, pakani girisi wa silikoni pang'ono chabe, wonga kambewu ka mpunga. Chachiwiri ndi kutsuka makina ndi madzi. Madzi akalowa mu mota ndi m'mawaya, ntchito yatha. Chachitatu ndi kukankha makina ndi phazi pamene akana kuyenda, pakuti mano a pulasitiki sachedwa kuthyoka. Mano akathyoka, kapena mota ikapsadi, palibe kuchitira mwina koma kuitanitsa phukusi lonse la gudumu. Poitanitsa nenani nambala ya makina, ndiponso ngati ndi la kumanzere kapena la kumanja, chifukwa awiriwa salowana malo.

Tikumbukirenso kuti kuno ku Lilongwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limalowa m'nyumba ngakhale zitseko ziri zotseka, ndipo mchenga timabwera nawo ku mapazi. Chotero mwini makina otere ayenera kuwatembenuza kamodzi pa sabata, kuchotsa tsitsi ndi ulusi, ndi kupukuta timazenera. Ntchito imeneyi siitenga mphindi khumi.

AGOGO ABWERANSO

Sabata itakwana agogo anafika, ali ndi mdzukulu wawo wamkazi. Tinakolopa pansi pa shopu, ndipo ndinawaza utuchi pang'ono dala. Amalume anati, "Agogo, dinani nokha." Anadina, ndipo makina anayenda molunjika mpaka kukhoma, natembenuka, nabwerera, kusiya mzere woyera pambuyo. Akalipentala anasiya ntchito kudzaonerera, ndi aja anandiseka omwe.

Ndinamuonetsa mdzukulu uja tsitsi limene tinachotsa, ndipo ndinamuphunzitsa kuzula kagudumu kakutsogolo ndi kuyesa aakulu aja ndi chala. Tinagwirizana kuti tsiku loluka tsitsi aziyamba asesa ndi tsache, makina azibwera pambuyo. Agogo anafunsa kuti, "Nanga mwaikamo chitsulo chanji chatsopano?" Amalume anayankha kuti, "Palibe, agogo. Tangochotsamo zimene sizinali zake." Analipira ntchito ya manja yokha, ndipo pa ndalamazo amalume anandigulira makope a teremu yatsopano.

Asanatuluke, agogo anatulutsa foni pa mfundo ya chitenje, napempha mdzukulu wawo kuti awaimbire ku Johannesburg. Tinawamva akuti, "Mwananga, chinthu chako chija chinadwala, koma ndinaopa kukuuza. Tsopano chachira. Achiza ndi a ku Mchesi konkuno."

Anzanga, m'nyumba zambiri muli mawayilesi, mafani ndi zipangizo zina zimene zinaponyedwa kuseri kwa kabati chifukwa wina ananena kuti zapsa, osatsegula n'komwe. Ine ndemwe ndinanena chomwecho, ndipo ndinayenda tsiku lonse kufuna gudumu limene silinafunike. Ngati wina wa inu ali ndi chipangizo chotere kunyumba, apemphe chilolezo kwa makolo, abwere nacho Lachisanu tikaweruka, ndipo tidzapempha aphunzitsi athu a sayansi kuti atibwereke chipinda. Masikuludiraiva ndi maginito aja ndidzabwera nazo ine.

Ndatha ine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 4, wa ku Mchesi.